Mtima wa Malemu Wasowa mu Firiji

Kuntchito ankamutchula kuti Sajeni Ndamva. Munthu akamaliza kufotokoza, kaya wanena zoona kaya wanama mpaka kutuluka thukuta, mayiyu ankangoyankha mawu amodzi omwewo: "Ndamva." Akuba ambiri analowa m'chitokosi akuganizabe kuti wawakhulupirira.

Lachinayi m'mawa anali ataima m'chipinda cha kafukufuku, pa nsanjika yachiwiri ya chipatala chachikulu, kutsogolo kwa firiji yaitali kuposa iye. Pambali pake panali dokotala wofufuza matenda a mtima, bambo woonda waimvi amene manja ake sankakhazikika.

"Bokosi limodzi lokha," anatero dokotalayo. "Muno muli mabokosi oposa mazana anayi, onse oyera, onse ofanana, opanda dzina la munthu, nambala basi. Wakubayo wasiya makompyuta, wasiya foni yanga patebulo, watenga limodzi. La wowotcherera zitsulo uja."

Nkhani ya wowotchererayo Sajeni ankaidziwa, chifukwa fayilo yake inali pa desiki yake kwa miyezi iwiri. Bambo wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wamphamvu ngati ng'ombe, anagwa n'kufera pamalo ake antchito akunyamula geti, atangomwa tiyi amene mkazi wake anamubweretsera. Abale ake anati ndi poizoni. Oyeza sanapeze poizoni aliyense, koma abalewo anati alipo mankhwala ena amene makina sawaona. Anathamangitsa mkaziyo panyumba, n'kumulanda mwana wamkazi wa zaka zisanu. Chimene oyeza mtembo anapeza n'chakuti mtima wa malemuyo unali waukulu modabwitsa, ndipo anadulako kachidutswa n'kutumiza kwa dokotala waimviyu.

"Munali chiyani m'bokosimo?"

"Kachidutswa ka mtimako, ndi timabotolo titatu ta magazi: a mayi ake, a mlongo wake, a mng'ono wake. Mawa m'pamene ndimayamba kuyeza. Mankhwala oyezera afika dzulo."

"Mumafuna kupeza chiyani?"

Dokotala anakoka ulusi umene unkalendewera pa mkono wa jekete lake loyera. "Mnofu wa mtima, ndi wa miyendo womwe, ndi timaulusi tambirimbiri tokokana. Timaulusito tili ndi mizati yake pamene timamangidwa. Ndiye pali banja la mapuloteni amene ntchito yawo ndi ya mfundo: dzanja ili agwira mzati, dzanja ilo agwira anzawo, kuti mnofu ukakoka, zinthu zisabalalike. Munthu akabadwa ndi imodzi yopindika, palibe chimene amamva. Mtima umagunda, kugunda, mfundo zikumasuka pang'onopang'ono, mpaka umafutukuka ngati thumba lakale. Tsiku lina wanyamula cholemera, basi, wapita."

"Ndiye kuti si tiyi."

"Sindinanene zimenezo. Ndati ndikukayikira. Pa maikulosikopu mizati yake inkaoneka yothyokathyoka, koma chikayiko si umboni. Umboni unali m'bokosimo."

"N'zakumtundu?"

"Kholo likakhala nazo, mwana aliyense ali pa theka ndi theka."

Sajeni anapempha kuti atsegule firijiyo. Nthunzi yoyera inatsika mpaka kumapazi. Anatambasula dzanja kuti akhudze shelefu yachitsulo imene inali ndi mpata, koma dokotala anamumenya padzanja ngati mwana wofuna kuba shuga.

"Mukufuna kusiya khungu pamenepo? Muno mumazizira kuwirikiza kanayi firiji yakunyumba. Chitsulo chimenechi chimawotcha ngati moto. Timavala magolovesi okhuthala, ali mu drowa iyi."

Sajeni anaweramira pafupi. Pa chogwirira cha shelefuyo panali timadontho tiwiri tofiirira, ndi kakhungu kopyapyala komatirira ngati kapepala.

"Wa muno angagwire apa chimanjamanja?"

"Ngakhale ataledzera."

"Firijiyi yatsegulidwa nthawi yanji?"

"Imalemba yokha. Dzulo, kutatsala mphindi khumi ndi zitatu kuti ikwane wani koloko. Inakhala yotsegula mphindi zinayi. Tonse a muno, anthu asanu ndi awiri, tinali pansi ku msonkhano wa Lachitatu lililonse. Nthawi yake yalembedwa pa chitseko panjapo, aliyense wodutsa amawerenga."

"Nanga chitseko chanu chimatsegulidwa ndi chiyani?"

"Khadi." Dokotala anatsitsa mawu, nam'patsa kapepala kosindikizidwa. "Khadi limene linatsegula si lathu. Ndi la namwino wa ku wodi ya amuna, amene amatibweretsera magazi. Mlongo wake wa malemu."

*

Namwinoyo anawalandirira m'kachipinda ka mankhwala, ataima, osapereka mpando. Anali mayi wamtali, yunifomu yosita bwino, wotchi yaying'ono italendewera pachifuwa. Konsitabo amene ankayenda ndi Sajeni, bambo wandevu zoyamba kuyera yemwe kale ankasewera mpira, anatsala pakhomo.

"Dzulo masana munali kuti, sisita?"

"Kodi m'buku la ku fiyeta simunawerenge? Kuyambira thwelofu mpaka thuu koloko ndinali kuthandiza opaleshoni ya mwendo. Madokotala awiri, anamwino atatu. Mukufuna mboni zingati?"

"Khadi lanu linali kuti?"

"Linasowa. Ndinakanena ku ofesi."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma fili."

"Ntchito munayamba seveni koloko m'mawa. Munalowa bwanji wopanda khadi?"

Namwino anayang'ana wotchi yake. "Mnzanga ananditsegulira. Ndinkaganiza kuti ndaliiwala kunyumba."

"Kunyumba mumakhala ndi yani?"

"Mayi anga, amene sayenda bwino. Mlongo wanga wamng'ono. Ndi mwana wa malemu. Kodi mukufuna kumanga agogo kapena mwana wa zaka zisanu?"

Maso a Sajeni anali pa manja a namwinoyo, amene ankasanja timabotolo ta jakisoni m'thireyi. Zala zinali zosalala, zopanda bala, zopanda bandeji.

"Nambala ya bokosilo ankaidziwa ndani?"

"Aliyense amene anapereka magazi analandira pepala lokhala ndi nambalayo. Mkazi uja nayenso analandira, ndi amene anasayinira za mtimawo." Anaika botolo pansi. "Ndifunseko. Zinthu zimene zija zikasungunuka, zingayezedwenso?"

"Mukufunsa chifukwa chodandaula?"

"Ndikufunsa ngati namwino."

"Ndamva," anatero Sajeni.

Anatembenuka kuti azipita, koma namwino anamuponyera mawu kumsana.

"Inu mukuvutitsa anamfedwa. Pitani mukafunse mkazi uja chimene ankafuna pachipatala pano dzulo masana. Anthu anamuona pansipo, pafupi ndi masitepe."

*

Pa masitepe anapeza mayi wokolopa akufinya chikolopa m'ndowa. Anali wamfupi, wonenepa, wa mawu okwanira holo.

"Apolisi! Bwerani, pondani, pondani. Aliyense amaponda. Ine ndimakolopera mapazi a anthu, si pansi ayi."

Sajeni anadutsa m'mphepete mwa khoma. "Dzulo cha m'ma wani koloko munali pano, mayi?"

"Ndikanakhala kuti? Lachitatu ndimakolopa nthawi imeneyo chifukwa ophunzira a kafukufuku aja amakhala ku msonkhano. Ndi tsiku lokhalo limene pansi pamauma mwaulemu."

"Munaona aliyense akutsika?"

"Ndinaona dokotala wabodza."

"Munadziwa bwanji kuti ndi wabodza?"

"Mwana wanga, ndakolopa muno zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Dokotala weniweni amaponda pakatikati ponyowa, maso ali pa foni, ngati ine ndine mzati. Uyu anatulukira pamwambapo, jekete loyera, chophimba pakamwa, kenaka waona kuti panyowa. Mukudziwa chimene anachita? Anadumpha! Kuchokera apo, sitepe yachisanu ndi chimodzi, mpaka apa pouma. Osamveka ngakhale phazi, ngati mphaka. Ndiye akuti, 'Pepani amayi.' Ine ndinatsala pang'ono kugwera m'ndowa. Pepani? Muno?"

Konsitabo anaseka, koma Sajeni ankawerenga masitepe ndi maso. Unali mtunda woti iye akanathyoka mwendo.

"Mwamuna kapena mkazi?"

"Mkazi wodumpha chonchija ndiye sanabadwe. Mwamuna, wowonda, miyendo ngati nsungwi. Jekete linkamuthera m'zigongono, lobwereka lija."

"Ananyamula kanthu?"

"Kukhwapa kunali kotupa, mkati mwa jekete. Ndipo ankauzira zala, chonchi, fuu, fuu, ngati wagwira mphika wamoto. Ine nkuti, dzuwa lonseli munthu akumva kuzizira?"

"Nkhope?"

"Ndakuuzani kuti inali yophimba. Koma nsapato ndinaziona, chifukwa ine anthu ndimawadziwira kumapazi. Zachikasu, zopepuka, zakutha kutsogolo. Dokotala wovala zimene zija angakuchize chiyani?"

"Nanga mzimayi wovala zakuda, munamuona?"

Mayi wokolopayo anasiya kuseka. "Wamasiye uja? Anakhala pa benchi iyo kuyambira leveni, chikwama pamiyendo. Koma apa ndisaname. Dokotala wabodza uja atadumpha, anadutsa pamaso pake penipeni. Mayiyo anaimirira, ngati akufuna kumuitana. Kenaka anakhalanso pansi, n'kugwira pakamwa."

*

Wamasiyeyo ankachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo yogulitsa utoto. Munali bedi, mbaula, makina osokera ndi chingwe chopachikapo zovala za makasitomala. Pakhoma panali diresi laling'ono lobiriwira, losokedwa kale, lopanda wolivala. Anawapatsa mpando umodzi umene unalipo, iye n'kubwerera pa makina.

"Dzulo munapita kuchipatala."

"Eya, bwana."

"Kukatani?"

"Kukafunsa ngati zotsatira zatuluka. Ndimapita sabata iliyonse."

"Bokosi la amuna anu labedwa."

Phazi lake linaima pa chopondera. Sanakuwe, sanafunse kuti ndani. Anatenga ulusi, naulowetsa pa singano kamodzi kokha. Zala zake zinali ndi timabala ta singano takale, koma matuza panalibe.

"Simukudabwa," anatero Sajeni.

"Zodabwitsa zinandithera, bwana."

"Alamu anu akuti ndinu."

"Ndibe chinthu chokhacho chimene chingandiyeretse?"

"Anthu amaba zodabwitsa akaopa kuti ziwadetsa. Tiyi uja munathiramo chiyani?"

"Shuga masupuni awiri. Ndinakuuzani kale katatu." Anapukuta makina ndi kansalu, ngakhale panalibe fumbi. "Amuna anga anayamba kudwala kale. Chaka chatha phazi lamanzere linayamba kukoka pansi, nsapato inkatha mbali imodzi. Akakwera kamtunda ankaima, ati ndikuyang'ana foni. Pogona ankafuna mapilo atatu. Ndinkawauza kuti tiyeni kuchipatala, iwo ati mwamuna wonyamula zitsulo sapita kuchipatala chifukwa cha befu. Lero apongozi akuti ndinkawathira pang'onopang'ono."

"Pa masitepe dzulo munaona yani?"

Panja wina ankagubuduza chitini cha utoto.

"Mayi, munaimirira. Munamudziwa."

"Anali ataphimba nkhope."

"Nsapato sanaphimbe."

Wamasiyeyo anatseka maso. "Nsapato zimene zija anagula ndi amuna anga. Ndinazisoka ndine kutsogolo, kawiri."

"Za yani?"

"Za mlamu wanga wamng'ono. Amene anthu amamutcha Mphezi, wothamanga uja." Anatsegula maso. "Bwana, pa anthu onse a m'banja lija, ndi yekhayo amene amabwera kuno mobisa. Amandiuza kuti mwana wadya, wachoka dzino, wandifunsa. Ndimupereke bwanji?"

"Iye wakuperekani kale. Bokosi lija likawonongeka, mudzafa muli mayi wopha mwamuna."

"Ndikudziwa."

"Ndiye abe chifukwa chiyani?"

Mayiyo anayang'ana diresi lobiriwira lija.

"Anakomokapo kawiri. Pabwalo pathu, akuchokera kothamanga. Kachiwiri milomo inachita kuda, amuna anga anamuthira madzi mpaka anatsitsimuka. Anatigwadira kuti tisauze munthu, chifukwa aphunzitsi ake akamva amuchotsa. Amuna anga anandilumbiritsa. Ndasunga lumbirolo mpaka lero, ngakhale munthu amene ndinalumbira naye ali m'manda."

"Amuchotsa pa chiyani?"

"Akusankha anthu atatu opita kukathamanga kunja. Wakhala akukonzekera zaka zisanu ndi chimodzi. Mpikisano wake ndi lero."

"Nthawi yanji?"

"Fili koloko."

Sajeni anayang'ana foni yake. Inali itadutsa thuu ndi mphindi makumi awiri.

*

M'galimoto anaimbira dokotala waimvi uja, konsitabo akulimbana ndi maminibasi pamsewu.

"Munthu amene ali ndi vuto lanulo, wakomokapo kawiri, atathamanga makilomita asanu ndi mphamvu zake zonse, chingachitike n'chiyani?"

"Ndi mng'ono wa malemu uja?" Dokotala sanadikire yankho. "Mwina palibe. Mwina amaliza, apambana, anyamulidwa pamapewa. Mwina agwa pa raundi yachitatu osadzukanso. Ine sindingaike mwana wanga pa njuga imeneyo. Musamulole. Ndikutumiza ambulansi. Ndipo Sajeni, mverani bwino: musamudzidzimutse, musalimbane naye. Akathawa, musamuthamangitse."

"Wapolisi asathamangitse wakuba?"

"Mukamuthamangitsa, mwina mumanga mtembo."

Pabwalo la masewero panali anthu ochepa m'mipando, ambiri atadziphimba ndi manyuzipepala chifukwa cha dzuwa. Chimkuzamawu chinkaitana othamanga kuti ayandikire poyambira. Sajeni sanavutike kumupeza Mphezi. Pa anyamata khumi ndi awiri amene ankadziwongola pa udzu, mmodzi yekha anavala magolovesi akuda a ubweya, kunja kukutentha chotero. Nsapato zake zinali zachikasu.

Anamuyandikira pang'onopang'ono, manja kumbuyo, ngati wodzaonerera.

"Mphezi ndiwe?"

"Ndine, madamu." Anali wa zaka ngati makumi awiri ndi zitatu, wa maso akuluakulu ofanana ndi a pa chithunzi cha malemu mu fayilo ija. Anaona yunifomu ya konsitabo, kumwetulira kunazima.

"Ukumva kuzizira?"

"Ndi sitayilo chabe, madamu. Zamwayi."

"Tavula ndione mwayiwo."

"Mpikisano ukuyamba pompano. Tikambirana ndikamaliza, ndikulonjeza, sindithawa. Mphindi khumi ndi zisanu zokha."

"Dzulo wani koloko unali kuti?"

"Kuno. Funsani kochi."

"Ndimufunsa. Ndimufunsanso ngati akudziwa za kukomoka kuja."

Mnyamatayo anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi. Anayang'ana poyambira, anayang'ana geti, anayang'ana Sajeni. Kenaka anatembenuka n'kuliyatsa liwiro.

Konsitabo, magazi a mpira atamudzukira, anali atathamanga kale mayadi khumi pamene Sajeni anakuwa.

"Ima! Musiye!"

"Akuthawa, bwana!"

"Ndati musiye! Ukasuntha phazi ndikulemba lipoti!"

Pa zaka makumi awiri za upolisi Sajeni anali asanaimepo chonchi, manja lende, akuonerera wakuba akuchepa m'maso. Mphezi anadutsa udzu wonse ngati sakuponda pansi, anadumpha kampanda, n'kulowera kuseri kwa mipando. Sajeni ankawerenga chamumtima, akudikira kumva anthu akukuwa kuti wina wagwa.

Palibe anakuwa. Koma anaona chinthu china: geti lotulukira linali kumanja, mnyamatayo anakhotera kumanzere.

"Kumanzereko kuli chiyani?" anafunsa bambo wina wonyamula mbendera.

"Zipinda zosinthira. Ndi kosungira ayezi wa ovulala."

Sajeni anapita akuyenda.

*

Anamupeza atakhala pansi pa simenti, msana atatsamira firiji yaikulu yogona. Chifuwa chinkakwera ndi kutsika ngati mvukuto, milomo itatuwa. Pamiyendo pake panali jumbo ya pulasitiki yodzaza ayezi, ndipo mkati mwake munkaoneka kabokosi koyera. Magolovesi anali pansi. Nsonga za zala zinayi zinali matuza okhaokha, china chitasupuka.

Sajeni anauza konsitabo kuti akatsogolere ambulansi, iye n'kukhala pa benchi moyang'anana naye.

"Puma kaye. Usalankhule."

"Ndimafuna... ndikalitaye," anatero mnyamatayo pakati pa befu. "Dzulo ndinafika nalo pa mlatho. Ndinaima ola lathunthu. Koma ndi mtima wa achimwene, madamu. Munthu amene anandilera. Ndiuponye m'madzi onyansa aja ngati chinyalala?"

"Ndiye unabwera nalo kuno."

"Ndinalikwirira pansi pa ayezi. Ndimati ndikasankhidwa, ndikakwera ndege, ndidzaimba foni kuti lili apa. Milungu itatu yokha."

"Khadi anakupatsa ndi achemwali ako?"

"Ayi! Ndinatenga m'chikwama ali kubafa, ndi jekete la mnzawo limene ankachapa. Anazindikira masana. Madzulo anaona zala zangazi, sanafunse kanthu. Anangondimanga mankhwala akulira."

"Milungu itatu," anatero Sajeni. "Alamu ako agona miyezi iwiri osaona mwana wawo. Anthu amawaloza pamsika. Iwe ukudziwa kuti sanaphe munthu."

"Ndikudziwa."

"Unadziwa liti?"

"Tsiku lomwe achimwene anagwa." Misozi inatsika, sanaipukute. "Nditamva kuti agwa akunyamula geti, ndinadziwa kuti ndi chomwe chija chimandigwira ine. Chimayamba ngati mbalame ikukupiza m'chifuwa, kenaka mdima. Pamaliro amayi akukuwa kuti poizoni, ine ndinangokhala chete. Ndikanati si poizoni, akanafunsa kuti wadziwa bwanji."

Kunja chimkuzamawu chinaitana nambala yake. Chinaitananso. Mnyamatayo anayesa kudzuka, Sajeni anaika dzanja paphewa pake, mopepuka.

"Madamu, chonde. Zaka sikisi. Ndilibe sukulu, ndilibe ntchito, ndili ndi miyendo yokhayi. Mundimange ndikamaliza. Ngati n'kufa, ndifere pamenepo."

"Amayi ako aika mwana mmodzi chaka chino. Sindiwapatsa wachiwiri."

Mfuti yoyambitsira mpikisano inalira. Phokoso la mapazi linadutsa pamwamba pawo ngati mvula, n'kumapita kutali. Mphezi anamvetsera mpaka linazilala. Kenaka ananyamula jumbo ija ndi zikhatho, zala zitatambasuka, naipereka.

*

Pofika faifi koloko Mphezi anali atagona pa bedi m'chipinda choyezera mtima, mawaya pachifuwa. Dokotala waimvi anali atatsegula kale bokosi lija. Magazi anali oundana, kachidutswa ka mtima kanali kolimba ngati mwala. Anati kawonongekako pang'ono, koma kayezeka.

Tsopano ankayendetsa kachipangizo pa nthiti za mnyamatayo, maso ali pa sikirini pamene chinthu chotuwa chinkatseguka ndi kutsekeka. Namwino uja anali ataitanidwa ku wodi. Anaima kumutu kwa bedi, manja atapinda. Wamasiye, amene konsitabo anakamutenga, anaima pafupi ndi chitseko, chikwama chili pachifuwa.

Dokotala anayeza, analemba, anayezanso. Kenaka anatembenuzira sikirini kwa namwino.

"Sisita, inu simukufunika kumasuliridwa."

Namwino anayang'ana. Anayang'anitsitsa. Manja ake anamasuka, nafufuza mpando kumbuyo kwake osatembenuka.

"Wakula," ananong'ona. "Ngati wa achimwene."

"Sunafike pamenepo. Tamupeza nthawi ilipo. Pali mankhwala, pali kachipangizo koika pachifuwa. Akhoza kukalamba. Koma mpikisano watha." Dokotala anayang'ana Sajeni. "Zotsatira za mapuloteni zidzatuluka pakatha milungu iwiri, ndipo ndidzalemba zonse. Koma mnyamata uyu tiyi wa mayi awa sanamwe. Zimenezo mukhoza kulemba lero."

"Nkhani ya bokosi ndi khadi sinathe," Sajeni anauza namwino. "Mawa naini koloko mubwere ku ofesi, mudzandiuzenso nthawi imene munadziwa. Ulendo uno muganize bwino musanayankhe."

Namwino anagwedeza mutu, maso ali pansi.

"Alamu," anaitana Mphezi ali pa bedi. "Alamu, ndikhululukireni."

Wamasiye sanamuyang'ane. Anayandikira dokotala.

"Mwati mwana aliyense ndi theka ndi theka?"

"Eya, mayi."

"Ndiye wanganso muyezeni."

"Mubwere naye mawa m'mawa. Ndidzayamba ndi iye."

Namwino anadzuka, akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikamutenga ineyo. Ndikawafotokozera amayi, kenaka ndibwera naye kwanu madzulo ano."

"Ayi," anatero wamasiyeyo, mosakweza mawu. "Munamutenga m'manja mwanga anthu akuona. Ndikamutenga ndekha, anthu omwewo akuona. Inu khalani ndi wodwala wanu."

Anatembenukira kwa Sajeni. "Bwana, galimoto yanu ili ndi malo?"

Sajeni anatenga makiyi m'manja mwa konsitabo, namutsegulira chitseko.